Musanapatse AI khadi lanu, yambani mwawerenga mapepala ake

Akuluakulu, amayi ndi abambo a geni, ndi inu mabwana a mathiraki, lero sitikamba za dyute kapena za mzere wa pa Beitbridge. Tikamba za chinthu chimene chayamba kutipeza kudzera mwa ana athu ndi anyamata aja amatithandiza kuoda katundu pa intaneti. Kwabwera makhadi olipirira amene sapatsidwa kwa munthu koma kwa makina a AI, kuti makinawo azisaka katundu, kusankha ndi kulipira okha mwini ndalama ali kwina. Eni ake akuti AI agent. Ife titi agent wa AI, pakuti agent timamudziwa kale: ndi uja timamusiyira mapepala ndi ndalama pa boda kuti atikiliyire katundu ife tikukasaka chakudya.

Maganizo athu ndi awa. Chida chotere tisachiyeze ndi kanema wotsatsa malonda, kapena ndi pakamwa pa mnyamata amene akutiuza kuti ndi chabwino. Tichiyeze ndi malangizo olembedwa amene kampani yake yaika poyera, aja iwo amati documentation. Mapepala amenewo akakhala osalongosoka, mpamba wathu usayandikire.

Zinthuzi si nkhambakamwa. Kumapeto kwa April 2025 Mastercard inalengeza Agent Pay, ndipo tsiku lotsatira Visa inalengeza Intelligent Commerce mogwirizana ndi makampani monga OpenAI, Microsoft ndi Anthropic. Mu September chaka chomwecho Google inatulutsa ndondomeko yake yotchedwa AP2 pamodzi ndi makampani oposa 60, ndipo OpenAI ndi Stripe anayamba kulola anthu a ku America kugula katundu wa pa Etsy ali mkati mwa ChatGPT. Pansi pa zimphona zimenezi pamera timakampani tambirimbiri togulitsa makhadi a virtual oti mupatse agent wanu. Ndi timeneti tidzatipeza ife poyamba, osati Visa. Tidzabwera ndi dobadoba wakwathu konkuno, atanyamula laputopu, akuti: "Mayi, ingoikanimo madola, makinawa azikuoderani ku China inu mukugona."

Ife a pa boda nkhani ya mapepala sitiphunzitsidwa ndi munthu. Tonse tikudziwa chimene chimachitika invoisi ikangolembedwa kuti "assorted goods" popanda kutchula kuti ndi nsapato zingati, za mtengo wanji. Ofisala wa kasitomu samubwezera wogulitsa uja kuti akalembenso. Amadzaza yekha pamene pepala lakhala chete, ndipo mtengo amene waika ndi umene timalipirira msonkho. Pepala likasiya mpata, wina amautseka, ndipo wolipira ndi ife.

Pa zida za AI vuto limeneli ndi lalikulu kuposa apo, chifukwa wowerenga mapepalawo nthawi zambiri si munthu. Masiku ano mnyamata wa kompyuta sakhalanso pansi kuwerenga masamba 40. Amangotenga malangizo aja n'kuwapatsa makina kuti awerenge okha ndi kulumikiza khadi. Munthu akapeza chiganizo chosamveka amaimba foni kufunsa. Makina amalota yankho, n'kupitiriza ntchito molimba mtima ngati akudziwa. Anthropic yomwe tatchula ija inayesapo mu 2025 kupatsa AI yake, Claude, kashopu kakang'ono ka mu ofesi yawo ku San Francisco kuti iyendetse kwa pafupifupi mwezi. Makinawo anagulitsa katundu wina pamtengo wotsika kuposa umene anagulira, ananyengereredwa kuchotsera makasitomala mitengo, ndipo kwa kanthawi ankauza anthu kuti alipire ku akaunti imene anangoipeka. Shopuyo inaluza. Kampaniyo inalemba yokha zonsezi poyera, ndipo kulemba kotereku, kosabisa pamene chida chapunthwa, ndi kumene timafuna kuona m'mapepala a aliyense wofuna kugwira ndalama zathu.

Tsamba loyamba kulisaka ndi la maiko. Pali mawu awiri amene otsatsa malonda amakonda kuwasakaniza dala: kumene khadi limalandiridwa, ndi kumene khadi limaperekedwa. Akalemba kuti limagwira ntchito "dziko lonse lapansi" akunena kuti wogulitsa wa ku Guangzhou kapena ku Johannesburg akhoza kulandira malipiro ake. Sakunena kuti munthu wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete ali ndi ufulu wotsegula akaunti. Mwachitsanzo, ntchito ya Stripe yopanga makhadi inayamba ndi makampani a ku America, Britain ndi maiko a ku Ulaya. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe munalibe. Ndiye wina akakugulitsani khadi lotere kwathu kuno, dzifunseni kuti akauntiyo ili m'dzina la ndani. Nthawi zambiri ili m'dzina la kampani imene wina analembetsa kunja. Pamaso pa banki, madola amene mwaikamo ndi a iyeyo, si anu. Tsiku limene banki idzatseke akauntiyo, inu simudzakhala ndi khomo logogoda. Mapepala abwino amatchula maiko mwa maina, amatchula banki imene ikupereka khadilo, ndipo amanena zikalata zofunika potsegula akaunti. Akangoti "coming soon" pa Africa, yankho ndi loti ayi.

Za madola sitichulukitsa, tonse tikuziona. Chitsikireni kwacha ya Malawi ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse timaipeza ndi thukuta. Choncho pepala lizinena momveka kuti khadi likamalipira mu randi kapena mu yuan, reti yake ndi ya ndani, ya tsiku liti, ndipo amadulapo zingati. Lizinenanso njira yotulutsira ndalama yotsala. Njira yolowetsera ndalama aliyense amailemba m'zilembo zikuluzikulu. Yotulutsira ndi imene imasowa.

Tsopano pamene pagona nkhani: malire a ndalama, ndi amene akugwira malirewo.

Inu madalaivala mukudziwa kusiyana kwa zinthu ziwiri izi. Bwana wina amakupatsani kashi n'kunena pakamwa kuti musapitirire malita akutiakuti. Bwana wina amakupatsani khadi la mafuta limene limakana lokha mukafika pa malire, ndipo siligula china koma dizilo. Woyamba uja akudalira mtima wanu. Wachiwiri akudalira pampu. Pa agent wa AI, kumulembera kuti "usapitirire madola 500" ndi bwana woyamba uja. Ndi mawu chabe, ndipo makina amaiwala mawu, amawamva molakwika, kapena amanyengedwa. Pali chinyengo chodziwika bwino chimene akatswiri amati prompt injection. Mbava imabisa mawu pa tsamba la malonda, mwina m'zilembo zoti diso la munthu silingaone, ouza makina kuti asiye zimene mwini wake ananena ndipo alipire kwakuti. Makina owerenga tsambalo akhoza kutenga mawu a mbavayo ngati lamulo. Mpaka pano vutoli silinapezeke mankhwala ake otheratu, ndipo makampani opanga AI amavomereza zimenezi.

N'chifukwa chake timafuna pepala linene mosapita m'mbali kuti malire ali pa khadi penipeni, kumbali ya banki, kumene makina sangafikeko. Zida zolongosoka zimalola kuika malire pa kugula kumodzi, pa tsiku ndi pa mwezi. Zimalola kutsekera khadi ku mtundu umodzi wa malonda kapena ku dziko limodzi, ndiponso kupanga khadi logwira ntchito kamodzi kokha kenako n'kufa. Koma funso limene ambiri safunsa ndi ili: kodi kiyi imene agent amalipirira ndi yomweyonso imene imasintha malire? Ngati ndi imodzi, ndiye kuti mwapatsa mlonda kiyi ya geti ndi ya sefa pa mphete imodzi. Makina akakanidwa kulipira chifukwa ndalama yapitirira, ndipo ali ndi mphamvu yokweza malire, akhoza kukweza poganiza kuti akukuthandizani kumaliza ntchito. Mapepala abwino amasiyanitsa makiyi awiriwa, ndipo amalemba mndandanda wa zimene agent sangathe kuchita. Ife tsamba lonena zimene chida sichingachite timalilemekeza kuposa masamba khumi onena zimene chingachite.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kangakuseketseni, koma kamadya mpamba. Zida zambiri za malipiro siziwerenga ndalama m'madola athunthu, zimawerenga m'masenti. Ku Stripe, kulemba 1000 pa dola ya America ndi kunena madola 10. Koma pa yen ya ku Japan, yomwe ilibe masenti, 1000 ndi 1000 ndithu. Stripe inalemba zimenezi momveka. Tsono taganizani kachida kena kamene chitsanzo chake changolemba kuti "limit: 500" osanena kuti ndi masenti kapena madola. Makina anazolowera kachitidwe ka masenti. Mukawauza kuti malire akhale madola 500, akhoza kulemba 50000. Ngati chidacho chimawerenga madola athunthu, malire anu asanduka madola 50,000, ndipo palibe belu limene lilire. Chiganizo chimodzi chosowa papepala, basi.

Masiku apitawa tinakhala pansi ndi mnyamata wathu wa kompyuta kuwerenga mapepala a chida china chimene anachitama. Dzina sititchula. Tsamba loyamba linali lokongola zedi: khadi lanu likhala lokonzeka m'mphindi zisanu. Tinatsata, ndipo n'zoona, njira yopangira khadi analemba bwino, ndi zitsanzo zomwe. Kenako tinasaka mawu oti refund, osawapeza. Tinasaka zimene zimachitika malipiro akakanidwa, tinapeza mzere umodzi woti yesaninso. Dzina la banki panalibe. Tsiku limene mapepalawo anakonzedwa komaliza panalibe. Chikomekome cha mkuyu. Mnyamatayo anati zinthu zimenezo akhoza kufunsa makina omwewo. Tinamuuza kuti makinawo awerenga pepala lomweli, ndiye adzazitenga kuti?

Mzere uja woti "yesaninso" ndi woopsa kuposa mmene ukuonekera, ndipo wa mobile money aliyense akudziwa chifukwa chake. Mwatumiza ndalama, netiweki yagwa, uthenga sunabwere. Yapita kapena sinapite? Wosadekha amatumizanso, kenako mauthenga awiri amafika limodzi. Makina ndi osadekha kuposa munthu. Akapanda kulandira yankho amabwereza msangamsanga, mwina kangapo. Zida zolongosoka zili ndi mankhwala a zimenezi. Malipiro aliwonse amapatsidwa nambala yakeyake, imene amati idempotency key, kotero kuti ngakhale pempho litumizidwe kasanu ndi nambala yomweyo, ndalama imachoka kamodzi. Simukufunika kudziwa kalembedwe kake. Ingouzani mnyamata wanu akulozereni ndi chala pamene pepala lanena za kubwereza. Ngati palibe, konzekani kulandira makatoni awiri a katundu amene munafuna katoni imodzi, kapena kulipira kawiri katoni imodzi.

Chimodzimodzi ndalama yogwiridwa. Khadi likamalipira, ndalama imayamba yatsekeredwa pambali wogulitsa asanaitenge. Oda ikalephereka, ndalamayo sibwerera ola lomwelo, imatha masiku. Kwa munthu wa salale imeneyo ndi nkhani yaing'ono. Kwa ife amene mpamba womwewo uyenera kuzungulira, sabata imodzi ndalama ili m'malere ndiye kuti thiraki yanyamuka ku Dar popanda katundu wathu. Pepala linene masiku ake.

Nanga chilolezo cha munthu? Makhadi ambiri amatumiza nambala yachinsinsi pa SMS pogula pa intaneti. Ife tikawoloka Songwe kapena Mwanza timasintha SIM, ndipo nambala ija imapita ku laini imene ili m'thumba la jekete. Dalaivala ali pa chiwongolero maola ambiri sangagwire foni. Ndiye tifunse: agent akafuna kulipira ndalama yambiri, amapempha chilolezo kudzera pati? Ndipo mwini akapanda kuyankha, chimachitika n'chiyani? Kugulako kumaimitsidwa, kapena pakatha mphindi zingapo makina amatenga kukhala chete kwanu ngati kuvomera? Pepala losayankha funso limeneli lakusiyani m'manja mwa makina nthawi yonse imene muli m'malo opanda netiweki, ndipo ife theka la moyo wathu timathera m'malo otero.

Kenako pali nkhani ya mlandu. Pa makhadi wamba a Visa ndi Mastercard pali njira yobwezetsa ndalama katundu akapanda kufika kapena wina akagwiritsa ntchito khadi mwakuba, ndipo nthawi yodandaulira imakhala masiku pafupifupi 120. Koma agent wanu akagula nsapato za saizi yolakwika, mapeya 300, mudzati khadi labedwa? Munamupatsa nokha. Ku Canada mu 2024 kunali mlandu wa Air Canada. Makina oyankha makasitomala pa tsamba la kampaniyo anauza munthu zabodza za kuchotsera mtengo wa tikiti, ndipo kampaniyo inayesa kunena kuti makinawo ndi oima paokha. Bwalo la ku British Columbia linakana ndipo linalamula kampaniyo kulipira. Ambiri anasangalala kuti kasitomala wawina. Koma taonani mbali inayo: makina anali a kampani, mlandu unagwera kampani. Makina akakhala anu, tikuona kuti ganizo lomwelo likulozani inu.

Apa tiyamikepo chimene Google inachita mu AP2. Ndondomekoyo imafuna kuti pakhale umboni wosainidwa wa zimene munthu anatuma agent, ndi umboni wina wa katundu weniweni ndi mtengo umene wavomerezedwa. Kunena kwathu, ndi kalata ya oda ndi invoisi, zonse zodindidwa. Mkangano ukabuka pali poyambira. Chida chilichonse chimene chikufuna ndalama zathu chionetse m'mapepala ake chinthu chofanana ndi chimenechi: kaundula woti tsiku lakuti, ola lakuti, agent analipira wakuti ndalama zakuti chifukwa cha lamulo lakuti, ndipo mwini akhoza kumutsitsa ndi kumusindikiza.

Kusindikizako si mwambo chabe. Olemba zidazi amaganizira munthu wa ku California amene katundu wake amafikira pakhomo. Wathu amafikira pa kauntala ya MRA, ZRA kapena ZIMRA. Pamenepo pamafunika invoisi ya dzina la mwini katundu, ndipo akakayikira mtengo amafuna umboni wa malipiro wogwirizana ndi invoisiyo. Ngati umboni ukuonetsa dzina la kampani ya ku America imene simukuidziwa n'komwe, mudzafotokoza bwanji? Palibe documentation ya kunja imene idzatchule Mchinji kapena Nakonde, ndipo sitikuyembekeza zimenezo. Koma iyenera kunena dzina limene limaoneka pa malipiro, ndi ngati mungaike dzina la bizinesi yanu.

Wina anena kuti: inu a geni munawerengapo liti malamulo a Airtel Money kapena Mpamba musanayambe kugwiritsa ntchito? Zoona, ambiri sitinawerenge. Koma kumeneko chala chodina PIN ndi chathu, nthawi iliyonse, ndipo zikavuta pali shopu m'tauni imene timakalowa n'kupeza munthu. Pa chida ichi chala si chathu, ndipo shopu kulibe. Chotsala ndi pepala lokha. Winanso anena kuti Chingerezi cha mapepalawa n'chovuta. Nachonso n'choona, ndipo si cholakwa kupempha AI kuti ikumasulireni. Koma yankho lililonse limene yakupatsani, muiuze ikuonetseni mzere weniweni pamene yatenga, ndipo mnyamata wanu akauone ndi maso pa tsambalo. Ikalephera kuonetsa, yapeka.

Sitikunena kuti zida zimenezi n'zachabe. Agent woti azifufuza mitengo kwa ogulitsa makumi awiri usiku wonse, kutsata kontena pamene yafika, kapena kulipira timabilu ting'onoting'ono ta mwezi ndi mwezi monga ta tracker ya galimoto, angatipepukitsire ntchito. Amene adzayambe kuzigwiritsa ntchito bwino adzapikula motchipa kuposa anzawo. Kampani imene yalemba mapepala ake mosamala imaoneka msanga: pali tsiku la kusintha kulikonse, pali mndandanda wa zifukwa zimene malipiro angakanidwire ndi chochita pa chilichonse, pali tsamba la mitengo lopanda mawu oti "tifunseni", pali adiresi ndi njira yopezera munthu wamoyo. Palinso malo oyeserera, amene amati sandbox, kumene agent amagula ndi ndalama zabodza.

Ngati chida chadutsa zonsezi ndipo mukufunabe kuyesa, yambirani ku sandbox komweko, ndipo musayese zophweka zokha. Uzani agent agule chinthu chopitirira malire muone ngati khadi likana. Muuzeni akweze malire yekha muone ngati atha. Zimitsani data pakati pa kulipira. Kenako ikanimo ndalama yeniyeni yochepa, madola 20 akwana, pa khadi logwira kamodzi, kwa wogulitsa mmodzi amene mukumudziwa kale. Gulani kanthu, kenako kabwezeni dala. Lembani tsiku limene mwabweza, werengani masiku mpaka ndalama ibwerere, onani zimene adulapo, ndipo yerekezani ndi zimene pepala linalonjeza.